Nsatsi za mu Ogasiti

Balaka
9 Malichi 2024

Achemwali a Maryam,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji kumeneko ndi alamu anga Che Akimu? Chimanga chapirira ng'amba ija? Foni yanu ndaimba mpaka chala kuwawa, ikungoti simukupezeka. Ndiye ndapatsira kalatayi Che Chande, amene akubwerera kumeneko atagulitsa matemba awo pamsika wa kuno.

Kuno sikuli bwino. Mwana wanu Thandi wapsa. Mukudziwa kuti mayi ake amakazinga mandasi m'mawa uliwonse. Lachiwiri lapitali mwanayu anawerama kuti akupize mbaula, njerwa imene inachirikiza mbaulayo n'kuterereka. Chiwaya chinapendekeka, mafuta owira n'kumukhuthukira kuyambira pansi pa khutu lakumanzere, khosi lonse mpaka paphewa. Nkhope yapulumuka, Alihamudulilahi. Ali kuchipatala, akumutsuka tsiku ndi tsiku, ndipo kulira kwake nthawi yotsukayo ine ndimathawira panja.

Mayi ake, Leah, sakudya. Akungoti ndi iye wapha mwana. Ndamuuza kuti mwana sanafe, koma sakundimva.

Adokotala akuti bala lipola koma chipsera chikhala chachikulu. Ndikukumbuka kuti anthu ankabwera kwa inu ndi ana a zipsera. Ine za mankhwala a kumudzi sindizitsatira kwenikweni, inunso mukudziwa, koma mwanayu ndi mtsikana ndipo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri zokha. Ngati pali chimene mungatiuze, tiuzeni.

Ramadani yayandikira, mutikumbukire m'madua anu.

Ndine mlongo wanu,
Nasoro


Ngokwe
21 Malichi 2024

Achimwene,

Walaikumu salamu. Kalata yanu inafika ikununkha matemba. Ndinaiwerenga nditaimirira, ndisanaimalize ndinapezeka ndakhala pansi. Mayo ine, Thandi wanga! Kamwana kaja kanabwera kuno kali ndi zaka zisanu, n'kumathamangitsa abakha anga mpaka mmodzi kuthyoka mwendo. Kuyambira pomwepo simunakabweretsenso, koma lero si tsiku lokangana.

Za foni musavutike. Inandipulumuka m'manja n'kugwera mu ndowa ya madzi. Masiku ano dzanja lamanjali layamba chipongwe, makapunso awiri ndaswa kale. Komanso foniyo inkandithandiza chiyani? Netiweki kuno imapezeka pachulu cha kuseri kwa mzikiti, ndipo ukakwera pamenepo mudzi wonse umamva kuti kwanu kwatha mchere. Tizilemberana basi, Che Chande sanadandaulepo.

Tsopano mverani, aphunzitsi. Bala likadali laliwisi musaikepo chilichonse cha kumudzi. Ndikunena ndine, mwini mankhwala. Wina akabwera ndi dzira, kaya mankhwala otsukira mano, kaya phulusa, m'thamangitseni ndi tsache. Tsatirani zimene akunena a chipatala. Ntchito yanga imayamba bala likatseka lonse, khungu latsopano litamera. Likatero mundiuze msanga, chifukwa chipsera chimamva mankhwala chikadali chofiira ndi chofewa. Chikada n'kukhwima, ndiye kuti chakhazikika.

Mayi a Thandi muwauze adye. Njerwa ikaterereka si mlandu wa munthu. Akafooka iwo, mwanayo amusamala ndani, inu? Inu amene mumathawira panja?

Chimanga chapsa theka. Thonje ndi lomwe likuyesetsa. Che Akimu akupereka moni.

Mlongo wanu,
Maryam


Balaka
25 Meyi 2024

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Tikuyembekeza kuti Idi munadya bwino, ngakhale tachedwa kufunsa. Ife tinangoiona ikudutsa.

Bala latseka. Koma chimene chatsala, achemwali, chikundisowetsa mtendere. Chipsera chatukuka ngati chingwe, chofiira, ndipo chimamuyabwa mpaka amadzikanda kutuluka magazi. Choipa kwambiri n'chakuti chayamba kukoka. Mutu wa mwanayu ukupendekekera kumanzere pang'ono, ndipo akafuna kuyang'ana kumanja amatembenuka thupi lonse.

Kusukulu anabwerera, koma anzake amupatsa dzina, akumutcha Chiwaya. Amavala juzi ya kolala yaitali ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo wasiya kukweza dzanja m'kalasi. Mwana amene ankatisokosa ndi nyimbo m'bafa, pano amasamba mwakachetechete.

A chipatala anati tizimupaka mafuta, kumutikita ndi kumuwongola khosi. Tinayesa. Akangoyamba kulira, mayi ake nawonso amayamba, basi ntchito yathera pomwepo. Ine ndiye musandifunse.

Chonde mutitumizire botolo la mankhwala anu aja kudzera kwa Che Chande, mutilembere ndi kapakidwe kake. Ndaikamo sopo ndi shuga m'kajumbo, mulandire.

Nasoro


Ngokwe
8 Juni 2024

Achimwene,

Walaikumu salamu. Sopo ndi shuga zafika, sikomo kwejinji. Tili mkati motola thonje, misana yathyoka.

Ati mutitumizire botolo! Mukuyesa ndi manyuchi a chifuwa, supuni imodzi m'mawa ina madzulo? Chabwino, ndatumiza kabotolo ka mafuta a nsatsi otsala a chaka chatha, koma ndi ochepa ndipo ayamba fungo. Muzithowa kaye pachipserapo ndi kansalu ka madzi ofunda, kenako mafuta, kenako chala chachikulu chizizungulira mokanikiza mpaka pofiirapo payere. Pakayabwa, dulani tsamba la alovera mupakepo madzi ake oterera aja, asadzikande.

Koma ndikuuzeni zoona, mafutawo paokha sachita kanthu. Chimene chimagwira ntchito ndi dzanja, ndipo dzanja la kholo silitha ntchito imeneyi. Limamva chisoni. Mwanena nokha kuti mwana akalira mumasiya. Ine sindisiya. Ndimalira naye limodzi koma chala chili pomwepo.

Ndiye chitani izi. Sukulu ikatsekera, mwanayo abwere kuno akhale nane Ogasiti yense. Nsatsi zanga za kuseri kwa khola zidzakhala zitauma nthawi imeneyo, ndidzayenga mafuta atsopano, komanso thonje lidzakhala litachoka m'manja. Abwere ndi nsalu ziwiri zatsopano. Tsitsi mumumete, kapena ndidzamumeta ndekha kuno. Mumuuziretu kuti sadzayendayenda, adzakhala m'nyumba mwezi wonsewo. Ndipo inu ndi mayi ake mukamusiya muzipita, musadzabwere kudzamuona mpaka nditakuitanani. Mukadzamuona pa mapeto pake mudzadabwa, adzakhala munthu wina.

Musazengereze, achimwene. Mumazengereza inu, kuyambira kale. Chipsera sichidikira kuti aphunzitsi amalize kuganiza.

Mumuuze Thandi kuti azakhali ake akuti amene akumutcha Chiwaya aja mitu yawo ili ngati mapoto obooka.

Maryam


Balaka
20 Julayi 2024

Achemwali,

Asalamu alaikumu. Pepani kuchedwa kuyankha, tinali pa mayeso. Kabotolo kanafika ndipo tikupaka apo ndi apo.

Za ulendo wa Thandi, zikuoneka zovutirapo. Akulowa Sitandade 8, ndiye tamulembetsa maphunziro apadera a patchuthi chifukwa anatsalira kwambiri nthawi imene anali kuchipatala. Komanso msewu wa kumeneko ndi fumbi lokhalokha, sitikudziwa ngati lingamuyanje. Mayi akenso ali ndi maganizo awo. Tikambirana, ndikudziwitsani.

Kodi mafuta atsopanowo mukayenga simungangotumiza?

Nasoro


Ngokwe
10 Ogasiti 2024

Achimwene,

Moni ndapereka, koma ndi wapakamwa chabe, mtima suli bwino.

Fumbi! Munakulira m'fumbi lomweli, munkalidya ndi chinangwa, lero lasanduka chilombo? Maphunziro apaderawo, bambo ake si mphunzitsi? Mabuku sangakwere galimoto?

Nsatsi zauma. Zikuthetheka padzuwa ngati mbuliwuli, nkhuku zikungodzidzimuka. Ndakazinga, ndasinja mumtondo wake wapadera uja, ndawiritsa, mafuta ayandama oyera bwino. Kusinjako kwanditengera masiku, chifukwa munsi ukumandipulumuka, koma ndamaliza. Kachipinda ka mwana wanga Nafisa, chikwatiwireni mwini wake kamangosungira matumba, ndakazira bwinobwino.

Loweruka ndinapita pasiteji. Ndinati kalata ija inali yongolemba, mwina Nasoro aganiza bwino. Galimoto zonse zochokera ku Liwonde ndinazisuzumira ngati wamisala, mpaka kondakitala wina anandifunsa ngati ndataya mbuzi. Loweruka likubwerali ndipitanso.

Kodi maganizo a mayi a Thandi amene mukunenawo ndi otani? Anene, ndili ndi makutu.

Maryam


Balaka
17 Ogasiti 2024

Alamu,

Moni. Ndine Leah. Mwati ndinene maganizo anga, ndiye ndinena, chifukwa achimwene anu akungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

Ine ndinakulira ku Nsamala, si ku Ulaya. Ndikudziwa chimene chimachitika mu Ogasiti sukulu zikatsekera. Ngakhale kuno ku Balaka ng'oma zikumveka. Ndiye munthu akandiuza kuti mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri abwere mu Ogasiti, ndi nsalu ziwiri zatsopano, ametedwe tsitsi, abindikire mwezi wathunthu, makolo ake asamuone mpaka ataitanidwa, ndipo akadzatuluka adzakhala munthu wina, mukufuna ndiganize chiyani? Chatsala n'chiyani pamenepa, nkhuku ndi ufa? Ndikudziwanso kuti malemu apongozi anga anali nakanga wotchuka, atsikana a dera lonselo ankavinidwa ndi iwo.

Alamu, mwana wanga sapita ku nsondo, chinamwali cha kwanucho. Sindikunyoza mwambo wa kwanu. Pamene ndinkakwatiwa ndi achimwene anu tinagwirizana kuti iwo ku mzikiti, ine ku tchalitchi, ndipo za ana tidzakambirana poyera. Poyera, osati kudzera kukhomo lakuseri. Chimene chandiwawa n'chakuti mwatengera mwayi pa bala la mwana wanga. Ine ndimagona ndi chithunzi cha chiwaya chija m'maso, ndiye wina aone pamenepo mpata wokwaniritsira zake?

Ngati mafutawo alidi a chipsera, tumizani, tipaka tokha. Ngati simungatumize popanda mwana, akhale. Pasiteji musapitenso, mukungodzivutitsa.

Leah


Ngokwe
1 Seputembala 2024

Nasoro,

Lero sindikuti achimwene. Ndikulankhula ndi iwe, amene ndinakubereka kumsana.

Kalata ya akazi ako ndawerenga. Iwowo sindikuwaimba mlandu kwambiri. Ndi mayi, ali ndi mantha, ndipo sandidziwa. Koma envelopu inalembedwa ndi dzanja lako. Ndiye kuti unawerenga, n'kumata ndi malovu ako, n'kupereka kwa Che Chande.

Nsalu ziwiri: mafuta a nsatsi sachoka pa chovala, ndinkafuna asaononge madiresi ake, ndipo ina ndi yomangira khosi akagona kuti lisapindike. Ndinati zatsopano chifukwa zakale zimakhala ndi zotsalira za sopo ndi litsiro, pakhungu lanthete sizifunika. Tsitsi: likakhudza mafuta limatola fumbi n'kumakanda pachipsera. Kukhala m'nyumba: dzuwa la Ogasiti limadetsa chipsera, pazenera ndinakhomapo kale chiguduli. Kuti musabwere: mwana akaona mayi ake amalira kuti anyamuke, ntchito n'kuonongeka. Ogasitiyo sindinamuike ndine pa kalendala. Nsatsi zimauma nthawi imeneyo, sukulunso imatsekera nthawi imeneyo. Ndikanadziwa kuti zonsezi zimafunika kumasulira ngati kwa mzungu, ndikanamasulira.

Komanso iwe wayiwala chikhalidwe chako chomwe? Mwana ndi wa kuchikazi. Thandi mwini wake ndi amalume ake a ku Nsamala. Ine zakhali ndingalowetse bwanji mwana wa eni ku simba? Akanandimanga ndi Ayao anzanga omwe.

Tsopano pinda buluku lako, mwendo wakumanja, uyang'ane kuseri kwa katumba mpaka pachidendene. Unali ndi zaka zitatu. Abambo anatentha mapesi a thonje, pamwamba phulusa pansi moto, iwe n'kulowamo ukuthamangitsa chiwala. Unali mwezi ngati womwewu. Amayi anali ku simba ndi ana a eni, ndipo nakanga satuluka mpaka mwambo utatha. Anangotumiza mawu kuti Maryam aone chochita. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Gogo wina wa kutsidya, Abiti Sharifu, ndi amene anandionetsa kuyenga nsatsi. Mwendo wako unayamba kupindika, anthu ankati udzayenda chotsimphina. Ndinakutikita chilimwe chonse mpaka dzinja, ukundiluma, ukunditukwana Chiyao chosapsa. Taona mmene umayendera lero pa Balaka, nsapato zogogoda.

Kuyambira chaka chimenecho ine ku simba sindinapondeko. Amayi anamwalira akundidandaula kuti ndakana ntchito yawo. Mudzi wonse ukudziwa zimenezi. Iwe wekha, mlongo wanga, ndiye sukudziwa, chifukwa ukabwera kuno umakhala ngati wadzera moto.

Mafuta ndakupatsira botolo limodzi, pakani. Ena ndasunga. Pasiteji ndasiya kupita monga ananenera.

Kulembaku kwanditopetsa, cholembera chikuthawa m'zala. Zilembo zikakhala zokhota usadabwe.

Maryam


Balaka
23 Novembala 2024

Achemwali anga,

Asalamu alaikumu. Ndayamba kalatayi kambirimbiri n'kumang'amba. Miyezi yapita ndili chete, osati chifukwa cha mkwiyo iyayi, koma manyazi. Ndinkati ndilembe mawa, ndipeze mawu abwino. Munanena kale kuti ndimazengereza.

Buluku ndinapinda tsiku lomwelo. Pali kamalo kosalala pamene sipamera cheya, kotuwa pang'ono. Moyo wanga wonse ndimayesa ndinabadwa nako. Ndinamuitana Leah kuti aone, ndinamuwerengera kalata yanu, ndipo anakhala pakhonde mpaka mandasi a tsiku limenelo anapserera. Envelopu ija ndinalembadi ndine. Mantha a Leah anali anganso, kungoti ine ndinalibe kulimba mtima kokufunsani maso ndi maso. Funso limodzi lokha likanatha zonse. Ndikhululukireni, achemwali.

Pamene kalata yanu inkafika tchuthi chinali kumapeto, ndiye tinati tidikire. Botolo lija tinapaka mpaka kutha, koma mwa kapakidwe kathu kaja. Chipsera chada tsopano, chalimba, ndipo khosi lapendekeka moti aliyense akuona. Sabata yatha tinapita naye kuchipatala. Adokotala anakanikiza ndi chala n'kutifunsa kuti, kodi miyezi yonseyi simunkamuwongola? Akuti tsopano pafunika opaleshoni ku Blantyre, ndipo mndandanda wa odikira ndi wautali. Akuti kutikita kuthandizabe kuti chisapitirire, koma nthawi yabwino inali ija.

Sukulu ikatsekera mu Disembala tikubwera tonse atatu. Nsalu Leah wagula kale, anasankha yekha. Ngati mungatilandire.

Mlongo wanu wopusa,
Nasoro


Ngokwe
5 Disembala 2024

Alamu Che Nasoro,

Asalamu alaikumu. Ndine Akimu. Ine kulemba sindinazolowere, mupirire nazo.

Kalata yanu ndinawawerengera ndine achemwali anu, chifukwa iwo sangathenso. Kumapeto kwa Okutobala anagwa kumunda tikupanga mizere. Tinawanyamula pa njinga mpaka kuchipatala. Akuti ndi sitiroko, magazi anakwera kwambiri, ndipo akuti zizindikiro zinayamba kale. Moyo ulipo, Alihamudulilahi. Koma dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwira ntchito, ndipo pakamwa papotoka. Mawu amatuluka amodziamodzi.

Mufunsa chifukwa chake sitinakuuzeni. Ine ndinafuna kukwera pachulu ndi foni ya a Shehe tsiku lomwelo. Iwo anandigwira malaya ndi dzanja lamanzere, kukana. Pambuyo pake mawu atayamba kubwerera ndinamva chimene ankatanthauza. Ankati mudzaganiza kuti akudwala dala kuti mwana abwere.

Nditafika pamene munalemba za nsalu, anatseka maso. Nditafunsa kuti ndiyankhe chiyani, anati, aje. Ndiye bwerani.

Mukamabwera mugule mchere ndi mabatire a tochi.

Akimu


Ngokwe
11 Januwale 2025

Bambo a Thandi,

Moni. Ndikhulupirira munafika bwino ndipo sukulu mwayamba. Mwana akupereka moni. Munamulonjeza kuti mukapempha kwa ahedi kuti achedweko milungu ingapo, musaiwale. Ine sindibwera msanga. Nafisa ali ndi khanda kwa amuna ake, sangathe kukhala kuno, ndipo Che Akimu okha sangakwanitse kumunda ndi kunyumba. Mandasi adikire.

Masiku amene munali kuno alamu a Maryam sanamukhudze mwana, munaona nokha. Ankangomuyang'ana. Inu mutangonyamuka anandikodola kuti ndimubweretse pamkeka. Anamuvula juzi ija ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kuyenda ndi chala kuchokera pansi pa khutu mpaka paphewa. Anakanikiza apa, anakanikiza apo. Kenako anachotsa dzanja n'kutembenukira kukhoma. Anangoti, chakhwima. Bambo a Thandi, ndikanakonda akananditukwana. Ndinagwada pomwepo kupepesa, iwo n'kundigwira pakamwa kuti ndikhale chete. Mpaka lero za kalata yanga ija sanatchulepo.

M'mawa mwake analoza pansi pa bedi. Kuli mabotolo a mafuta aja anayenga mu Ogasiti, otsekedwa ndi zitsononkho, okutidwa bwino ndi chitenje. Che Akimu akuti anasinja nsatsi zimenezo munsi ukuwagwa m'manja, iwo akuwaletsa, osamva. Akuti ankati mwana wa Nasoro asadzapeze mafuta akale.

Tsitsi ndinamumeta ndekha. Tikugona m'kachipinda ka Nafisa, chiguduli chija chikadali pazenera. Ndikachiyang'ana ndimamva kutentha kumaso.

Ntchito tikugwira chonchi. Ine ndimathowa, ndimapaka mafuta, ndimaika chala. Iwo amasanjika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa langa. Thandi akayamba kulira, ine dzanja limafuna kuthawa, iwo amalipanikiza pomwepo. Mphamvu zake simungakhulupirire. Timalira tonse atatu, koma chala sichichoka. Kuyabwa kwachepa ndipo m'mphepete mwayamba kufewa, koma chingwe chapakati chija sichikusuntha. Opaleshoni sitiithawa. Usiku wina ndinawafunsa kuti, alamu, tikanabwera nthawi ija chikanatha? Anandiyang'ana, n'kukweza phewa lomwe limagwiralo. Sanafune kundinamiza, sanafunenso kundipha.

Mwana wanu wayamba zake. Tikamaliza za iye, amatenga botolo n'kukhala kumanja kwa azakhali ake. Amawatambasula zala zopindika zija chimodzichimodzi, kuzipaka mafuta, kuzitikita mmene amaonera ife tikuchitira. Palibe anamutuma. Alamu akabuula ndi ululu, iye amati, pepani azakhali, koma sindisiya. Dzulo ndinamumva akuimba kubafa, motsitsa, koma ndinamva.

Mukapita ku Blantyre kukafunsa za mndandanda uja, musatume munthu, mupite nokha, ndipo musati mawa. Mukapeza Che Chande mutipatsire sopo, mafutawa akutha zovala.

Nsalu ziwiri zija zagwira ntchito. Imodzi tikumangira Thandi pakhosi akamagona, monga ananenera. Inayo taipinda n'kuwakolekera alamu m'khosi, kuti dzanja lija lisamalendewere.

Ndine,
Leah